Mwana woliza lipenga mu Lusaka: poyambira pake ndi njira zopitira patsogolo

Mwana wa mu Lusaka amene mtima wake wakokedwa ndi lipenga asathamangire kugula lipenga. Ayambe wapeza bandi. Zida zamkuwa zonsezi zimachokera kunja, mtengo wake ndi woboola m'thumba, ndipo banja la ku Matero kapena ku Chawama silingasiye ya lendi ndi ya sukulu n'kukagula cornet (lipenga lalifupi lofanana ndi trumpet) yoti mwana angoyesera ngati angaikonde. Mwayi wake ndi woti zida zambiri za mtunduwu mumzinda muno zili m'manja mwa mipingo, masukulu ena ndi asilikali, ndipo mipingo imabwereka ana ake zidazo. Choncho oyamba amakhala ambiri. Ofika patali ndiwo ochepa, ndipo chimene chimawasiyanitsa kawirikawiri ndi zinthu ziwiri: mmene anaphunzirira kupuma ndi kuika milomo m'miyezi yoyambirira, komanso ngati anaphunzira kuwerenga manotsi kapena anangoloweza manambala a zala.

Ku tchalitchi, kumene ambiri amayambira

Ku Salvation Army bandi ya malipenga ndi mbali ya mapemphero enieniwo. Kachitidwe kake kanachokera ku Britain: ana amakhala ndi kagulu kawokawo, amaphunzira kuchokera m'mabuku, ndipo akakhwima amakwezedwa kupita ku bandi ya akuluakulu imene imatsogolera nyimbo Lamlungu. Mwana wa kumeneko amaliza lipenga pamaso pa anthu pafupipafupi, ndipo amaliza maso ali papepala. Boys' Brigade, imene inayambira ku Glasgow mu 1883, ili ndi magulu m'mipingo monga United Church of Zambia ndi Reformed Church in Zambia, pamodzi ndi Girls' Brigade, ndipo mabandi awo amadziwika ndi kuguba. Ma Pathfinder a Seventh-day Adventist nawonso ali ndi ng'oma ndi malipenga m'mipingo ina. Mpingo wa New Apostolic umalimbikira kwambiri makwaya ndi kuwerenga nyimbo zolembedwa.

Dzina la mpingo palokha silikuuzani ngati mwana akaphunzira bwino. Mabandi awiri a mpingo umodzi amatha kusiyana kutali, malinga ndi munthu amene akuphunzitsa. Inu makolo, pitani tsiku la pulakatisi mukakhale kumbuyo ola lathunthu. Onani ngati kutsogolo kwa ana kuli mapepala a nyimbo, kapena ngati bandmaster akungofuula manambala. Onani ngati oyamba kumene ali ndi nthawi yawoyawo, chifukwa mwana amene waponyedwa m'bandi yaikulu sabata yake yoyamba amaphunzira kubisala m'phokoso la anzake. Funsani kuti chida chimodzi akugawana ana angati, komanso ngati mwana angaloledwe kupita nacho kunyumba pakati pa sabata. Funsaninso nthawi yoweruka ndi akuluakulu amene amatsala ndi anawo mpaka womaliza atanyamuka, makamaka ngati wanu ndi mtsikana amene akwere minibasi kapena ayende pansi kubwerera ku komboni kutada. Atsikana amaliza zida zonsezi mofanana ndi anyamata, kuphatikizapo tuba, ndipo bandi imene imawakankhira ku mbale zogunditsa zokha ikuwamana mwayi.

Msinkhu ndi kusankha chida

Chizindikiro chabwino si zaka ayi, ndi mano. Dikirani mano akutsogolo achikulire, apamwamba ndi apansi, amere n'kukhazikika, zimene kwa ana ambiri zimachitika ali ndi zaka 7 kapena 8. Mouthpiece, kachitsulo kouzirapo mpweya, imatsamira pa milomo, milomoyo imatsamira pa mano, ndiye mano akamagwedera palibe chokhazikika. Woyamba ali ndi zaka 13 kapena 16 sanachedwe, ndipo nthawi zambiri amathamanga chifukwa mapapu ndi manja zakula kale.

Kwa mwana wamng'ono cornet imaposa trumpet. Zonse ndi za B flat, zala zake n'zimodzi, ndipo chitoliro cha chilichonse chitatambasulidwa chingatalike pafupifupi mita imodzi ndi theka, koma cornet inapindidwa mofupika, kulemera kwake kumakhala pafupi ndi thupi, mikono siitopa msanga. Tenor horn ndi baritone zili ndi mouthpiece yokulirapo, ndipo ana ambiri amene akuvutika kutulutsa mawu pa cornet amamasuka akangosinthidwira kumeneko. Trombone imafuna mkono wofika pa malo achisanu ndi chimodzi ndi achisanu ndi chiwiri a slide, chitoliro chake chokoka ndi kukankha, komanso khutu labwino, poti ilibe mavalavu, aja odinidwa ndi zala, okuthandizani kupeza noti. Euphonium ndi tuba zimafuna mpweya wambiri ndi thupi lotha kuzinyamula. Ana onse amafuna trumpet chifukwa ndi imene imamveka pamwamba. Komabe woliza tuba kapena trombone wabwino amasowa m'mabandi ambiri, ndipo mwana woganiza za kutsogolo achite bwino kuziganizira zimenezi.

Miyezi itatu yoyamba

Lipenga palokha silitulutsa mawu. Mawu amachokera pa milomo imene imanjenjemera mpweya ukamadutsa pakati pake, ndipo chitolirocho chimangowakuza ndi kuwakonza. N'chifukwa chake phunziro loyamba limachitika chida chili m'bokosi. Mwana atseke milomo ngati akunena "m", m'mbali mwa kamwa mulimbe pang'ono, pakati pakhale pofewa, mano asalumane. Kenako atulutse mpweya mpaka milomo ilire. Akatha, aike mouthpiece pakati pa kamwa, mbali ina pa mlomo wapamwamba, ina pa wapansi, mkombero wake wapamwamba ukhale pa khungu la pamwamba pa mlomo. Ukatsikira pa mnofu wofiira wa mlomowo, mwana amaliza bwinobwino manotsi apansi kwa chaka, kenako amakanika kukwera, ndipo kukonza zimenezi pambuyo pake kumatenga miyezi ya kulira. Mmera mpoyamba.

Kupuma kumafuna chidwi chofanana. Mpweya ulowere m'mbali mwa kamwa, mouthpiece isachoke pamalo pake, mapewa asakwere, nthiti ndi mimba zifutukuke. Potulutsa, uyende mosadukiza ngati mmene munthu amauzira makala pa mbaula kuti moto ugwire, osati kuphulitsa kamodzi n'kusiya. Masaya asatupe. Lilime limayambitsa noti pogunda kumbuyo kwa mano apamwamba ngati mukunena "tu" kapena "du". Silituluka pakati pa milomo, ndipo noti siitsekedwa ndi lilime kapena pakhosi, imatha mpweya ukasiya.

Cholakwika chimene chimawononga ana ambiri ndi kukanikiza. Mwana akafuna noti yapamwamba amakokera chida kumaso ndi dzanja lamanzere, kapena amakoka ndi kachala kakang'ono kamene kali m'kangowe ka pamwamba. Noti imatulukadi, ndiye iye amaganiza kuti wapeza njira. Koma milomo yapanikizika pakati pa chitsulo ndi mano, magazi sakuyenda bwino, pakatha mphindi khumi yatupa ndipo mawu azima. Muyang'aneni akangochotsa chida: kamzere kofiira kozungulira kamene kakuzimiririka msanga si vuto, koma chidindo chakuya, kapena zipsera za mano mkati mwa mlomo, ndiye kuti akukanikiza. Manotsi apamwamba amabwera ndi mpweya wothamanga, kabowo kochepa pakati pa milomo ndi lilime lokwera ngati mukunena "ii". Amabwera pang'onopang'ono, m'miyezi. Woyamba kumene amene akuliza bwino manotsi asanu, kuyambira C mpaka G, ndi mawu odzaza, ali patsogolo pa mnzake amene akufinya C wapamwamba nkhope ili gwaa.

Mavalavu ntchito yake ndi kutalikitsa njira ya mpweya kuti noti itsike. Yachiwiri imatsitsa ndi theka la sitepe, yoyamba ndi sitepe yathunthu, yachitatu ndi sitepe ndi theka. Sikelo ya C pa cornet imayenda chonchi: C osadina kanthu, D 1 ndi 3, E 1 ndi 2, F 1, G osadina, A 1 ndi 2, B 2, C osadina. Zala zipinde, nsonga zake zikhale pamwamba pa mabatani, ndipo valavu idinidwe mpaka pansi molunjika. Kudina chammbali ndi zala zogona kumadya valavu mbali imodzi mpaka imayamba kukakamira. D wapansi uja, pamodzi ndi C sharp woyandikana naye, amakwera kupitirira muyeso pa cornet ndi trumpet iliyonse. N'chifukwa chake slide ya valavu yachitatu ili ndi mphete yoti muikankhire kunja pang'ono poliza manotsi amenewo. Ana ambiri amatha zaka osauzidwa ntchito ya mpheteyo.

Manambala, solfa ndi manotsi

Apa ndi pamene tsogolo la mwana limagamulidwa, ngakhale kuti tsiku limenelo palibe amene amazindikira. Njira yachidule yophunzitsira bandi ndi kulemba manambala a zala pa bolodi: 0, 13, 12, 1. Ana amaloweza, ndipo pakatha milungu yochepa akuguba ndi nyimbo zitatu, mpingo wonse ukusangalala. Koma manambala sanena kutalika kwa noti, sanenanso ngati 0 ameneyo ndi C wapansi, G kapena C wapamwamba. Mwana amadalira kumva wina aliza kaye. Akapatsidwa pepala la nyimbo imene sanaimvepo, amangoima.

Solfa ndi yabwino kuposa pamenepo, ndipo ana okulira m'makwaya athu amabwera nayo kale. Imanola khutu, ndipo woliza lipenga amene sangathe kuimba noti ndi pakamwa asanailize amaphonya kawirikawiri, chifukwa zala zomwezo zimatulutsa manotsi angapo. Choncho solfa isatayidwe. Malire ake ndi akuti doh amasamuka. Mu kiyi ya C, re ndi D, zala 1 ndi 3. Mu kiyi ya G, re ndi A, zala 1 ndi 2. Pa staff notation, kalembedwe ka manotsi pa mizere isanu, noti ili pamalo amodzi ndipo zala zake sizisintha. Nyimbo za mabandi a asilikali, za orchestra ndi za mayeso onse zimalembedwa motero.

Kuphunzira kuwerenga sikutenga nthawi yaitali mmene ana amaopera. Noti iliyonse yatsopano iphunziridwe m'njira zinayi nthawi imodzi: dzina lake, malo ake pa mizere, zala zake, ndi mawu ake. Mphunzitsi alole kulemba manambala pansi pa noti yatsopano kwa sabata imodzi, ndi pensulo, kenako afufute. Kawerengedwe ka nthawi kaphunziridwe padera, chida chili pa miyendo: kuomba m'manja, kuwerenga mokweza, phazi likugunda pansi. Ndipo pa pulakatisi iliyonse pakhale mizere iwiri kapena inayi yachilendo, yosavuta, yoti mwana alize kamodzi kokha osaima ngakhale alakwitse. Luso lowerenga nyimbo yoiona koyamba limakula ndi zimenezo basi.

Pali zina ziwiri zimene zimasokoneza ngakhale achinyamata odziwa. Choyamba, noti imene woliza cornet amaitcha C imamveka B flat pa kiyibodi. Ndiye woimba kiyibodi ku tchalitchi akati nyimbo ili mu F, wa cornet, trumpet kapena chida china cha B flat chowerenga treble clef (kalembedwe ka manotsi okwera) alize mu G, ndipo wa tenor horn, imene ndi ya E flat, alize mu D. Mikangano yambiri yoti "lipenga lako lawonongeka" imachokera pamenepa. Chachiwiri, m'mabandi otsatira kachitidwe ka ku Britain pafupifupi zida zonse, ngakhale euphonium ndi tuba, zimalembedwa mu treble clef, kupatula bass trombone. Zimenezi zimathandiza kuti mwana asamuke pa chida china kupita pa china zala osasintha. Koma ku orchestra ndi m'nyimbo zambiri za mabandi a asilikali, trombone ndi tuba zimawerenga bass clef (kalembedwe ka manotsi otsika), manotsi ake akumveka monga alembedwera. Wachinyamata wa zida zazikuluzi amene akufuna kupitirira bandi ya kwawo ayambe bass clef akangokhazikika pa treble, asadikire tsiku la mayeso. Wa tenor horn adziwenso kuti orchestra imagwiritsa ntchito French horn, chida china ndithu, chodinidwa ndi dzanja lamanzere.

Pulakatisi ya kunyumba

Mphindi 15 mpaka 20 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola atatu Loweruka lokha, chifukwa minofu ya milomo imakula ndi ntchito yochepa yobwerezedwa, ndipo imafooka msanga ikasiyidwa. Kwa woyamba, mphindi ziwiri zikhale za mouthpiece yokha, zisanu za manotsi aatali ogwiridwa mpaka kuwerenga 8 mawu osagwedera, zitatu zosuntha pakati pa C ndi G ndi milomo yokha zala osasintha, zotsalazo za sikelo ndi nyimbo. Apume nthawi yofanana ndi imene waliza. Milomo ikayamba kuwawa kapena kuchita dzanzi, aleke. Kulimbikira pamenepo kumangophunzitsa kukanikiza.

M'nyumba zoyandikana za ku Kanyama, Mtendere kapena Garden, phokoso ndi nkhani. Gwirizanani ndi aneba nthawi imodzi yodziwika, monga madzulo ana akangoweruka. Practice mute, chotsekera cholowetsa kukamwa kwa lipenga, imachepetsa mawu kwambiri, koma imabweza mpweya, choncho isakhale ya tsiku ndi tsiku. Ngati chida sichiloledwa kuchoka ku tchalitchi, mugulireni mwana mouthpiece yakeyake, imene mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi chida chonse. Kwa trumpet ambiri amayamba ndi 7C, kwa trombone 12C kapena 6½AL. Ya cornet ili ndi tsinde lalifupi ndipo silowa bwino mu trumpet, ndiye pogula nenani chida chake. Ndi mouthpiece yokha mwana angathe kulimbitsa milomo sabata yonse ndi kuimba nayo nyimbo zazifupi. Imatetezanso ku chimfine ndi zilonda za pamilomo zimene zimayenda ndi mouthpiece yogawana. Ngati kugawana sikungapeweke, itsukidwe ndi sopo ndi madzi wina asanaigwiritse ntchito.

Foni ili ndi zothandiza ziwiri zaulere: metronome yosunga liwiro ndi tuner yoyeza mawu. Woliza chida cha B flat akaliza C wake, tuner ionetse B flat. Ikakwera, tulutsani tuning slide, kachitoliro kokoka kochunira chida chonse, pang'ono, ikatsika, ilowetseni. M'mawa wozizira wa June ndi July chida chimatsika mawu mpaka chitatenthedwa ndi mpweya, pamene pa dzuwa la October chimakwera, choncho bandi ichune itatha kuliza kwa mphindi zingapo.

Kuguba kuli ndi zake. Pa masiku monga Youth Day pa 12 March kapena tsiku la ufulu pa 24 October, ana amaliza mokweza kwa nthawi yaitali akuyenda pa msewu, chida chikugunda milomo pa sitepe iliyonse. Bandmaster wanzeru amagawa oliza cornet m'magulu awiri osinthana, amapatsa mpata ng'oma zokha pakati pa nyimbo, amanyamula madzi, ndipo salola wa miyezi itatu kuliza ulendo wonse. Tsiku lotsatira likhale la manotsi apansi, ofewa, kapena lopuma.

Kusamalira chida

Mabandi ambiri amafa ndi zida zowonongeka, ana alipo. Fumbi la mu August mpaka October limalowa paliponse, ndiye chida chikhale m'bokosi lotseka chikangotha ntchito. Mavalavu amafuna mafuta akeake, madontho atatu kapena anayi, pafupifupi tsiku lililonse loliza. Mafuta ophikira amauma n'kukhala ngati ulimbo, a galimoto ndi olemera kwambiri, ndipo malovu amadya chitsulo. Tulutsani valavu imodzi pa nthawi. Iliyonse ili ndi nambala yake ndi kachitsulo kapena kapulasitiki koitsogolera kamene kayenera kulowa m'kampata kake mpaka kumveka kuti tha. Mwana akabwera akuti chida chatsekeka, mpweya sukudutsa, yambani mwaona pamenepo: kawirikawiri valavu yalowa motembenuka kapena yasinthana malo ndi inzake.

Ma slide amafuna girisi. Vaseline ingathandize pa tuning slide ngati palibe china, koma isafike pa mavalavu kapena pa slide yaikulu ya trombone, imene imafuna kirimu wake ndi madzi owaza. Slide iliyonse isunthidwe kamodzi pa sabata. Yosiyidwa chaka imamatirira. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri chida chisambitsidwe m'beseni lalikulu, pansi mutayala thaulo, ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale. Madzi otentha amasupula lacquer, utoto woonekera uja umene umateteza kuwala kwa mkuwa. Brasso nayenso amauchotsa, ndipo amadya siliva. Tinsalu tofewa ta pamwamba pa mavalavu tisanyowe.

Mwana asalize atangodya nsima kapena kumwa maheu, munkoyo ndi zakumwa za shuga asanachukuche m'kamwa. Zotsalira zimakamatira m'chitoliro choyamba, pafupi ndi mouthpiece, ndipo m'kupita kwa nthawi chimadyeka kuchokera mkati. Timadontho tofiirira tooneka kunja kwa chitolirocho ndi chizindikiro chake. Mouthpiece ilowetsedwe ndi kupotokola pang'ono, osaimenya ndi chikhatho. Ikakanirira, pulayala ndi chitseko zisayandikire: zimapotokola chitoliro n'kuthyola zowotcherera, ndipo vuto la mphindi ziwiri limasanduka la ndalama zambiri. Pali kachipangizo kozulira mouthpiece, ndipo bandi iliyonse iyenera kukhala nako kamodzi, pamodzi ndi timakoko ta water key (kachitseko kotulutsira madzi m'chida) ndi masipuling'i apadera. Kakoko kakang'onoko kakatha, mpweya umathawira pamenepo, mawu amachita ngati a chimfine, ndipo mwana amadzudzulidwa pa mlandu wosakhala wake.

Ikafika nthawi yogula, pitani ndi woliza wodziwa. Chida chogwiritsidwapo ntchito cha Yamaha, Besson, Jupiter kapena Bach chimene chinasamalidwa chimakhalitsa kuposa chatsopano chonyezimira chopanda dzina lodziwika, chimene zipangizo zake zosinthira sizipezeka. Yesani mavalavu onse ngati akubwerera okha mwachangu. Kokani slide ya valavu osadina, kenako dinani: pakamveka kuti pho, valavuyo ikugwira mpweya. Slide ya trombone iyende yokha mukaipendeketsa, popanda pokakamira. Kupindika pang'ono pa belu, kukamwa kotambalala kwa chida, si kanthu, koma kupindika pa nyumba ya valavu kapena pa slide ndi vuto lalikulu. Zida zakale kwambiri zochokera ku Britain, zimene mipingo imalandira ngati mphatso, ziyezedwe ndi tuner, chifukwa mabandi a kumeneko ankachuna mokwererapo mpaka m'ma 1960, ndipo china mwa izo sichingagwirizane ndi zinzake ngakhale mutulutse slide yonse.

Kupitirira bandi ya kwanu

Masukulu ena a sekondale amaphunzitsa nyimbo monga phunziro lolembedwa pa mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso a sukulu mu Zambia. Ngati mwana ali ndi mwayi wosankha, alitenge, ngakhale sukuluyo ilibe lipenga ndi limodzi lomwe, chifukwa theory (malamulo a kalembedwe ka nyimbo) ndi kumva manotsi n'zimene adzafunsidwe kulikonse kumene angapite.

Maphunziro a munthu mmodzi ndi mphunzitsi wake amapezeka m'masukulu a nyimbo olipira, monga Ngoma Dolce Music Academy ku Kabulonga, komanso kwa oliza a m'mabandi akuluakulu amene amaphunzitsa pa nthawi yawo yopuma. Si banja lililonse lingakwanitse sabata ndi sabata. Koma phunziro limodzi pa mwezi, kapena ana atatu kusonkherana kulipira ola limodzi, limakwanira kuti wodziwa aone milomo, kapumidwe ndi kagwiridwe zisanakhote. Kanema wa pa YouTube amaonetsa zambiri, koma sangaone kuti mwana wanu akukanikiza.

Mayeso a ABRSM, bungwe la ku London, ndi muyeso wodziwika m'mayiko ambiri. Ali ndi magiredi 1 mpaka 8. Pa mayeso oonekera pamaso pa woyesa, mwana amaliza nyimbo zitatu, masikelo, nyimbo yoiona koyamba, ndiponso amayesedwa khutu. Malikisi onse ndi 150: kukhoza ndi 100, merit 120, distinction 130. Palinso njira ina yojambula kanema wa nyimbo zinayi zolizidwa motsatizana popanda kudula, n'kuutumiza pa intaneti. Kuti munthu alembe giredi 6 kupita m'mwamba amayenera kukhala atakhoza kale giredi 5 ya theory kapena china cholowa m'malo mwake, ndipo ambiri amaima pamenepa chifukwa anaisiya mpaka mochedwa. Mayesowa ndi odula, ndipo palibe lamulo loti mulembe giredi iliyonse. Wosunga ndalama angadumphe n'kulemba 3, kenako 5, kenako 8. Ngakhale amene sadzalemba n'komwe angagwiritse ntchito silabasi yake, imene ili pa intaneti kwaulere, podziwa masikelo ndi nyimbo zoyenera msinkhu wake. Trinity College London nayonso ili ndi mayeso a mtundu womwewu.

Wotsiriza sekondale amene akufuna nyimbo ikhale ntchito yake ali ndi njira ziwiri zazikulu mumzinda muno. Evelyn Hone College, pa Church Road, yakhala ikuphunzitsa nyimbo kwa zaka zambiri, ndipo aphunzitsi a nyimbo ambiri a m'masukulu a m'dziko muno anadutsa kumeneko. Kumeneko lipenga lokha silikwanira: kuli theory, kiyibodi, kuimba ndi mawu, nyimbo za makolo athu ndi kaphunzitsidwe. Njira inayo ndi mabandi a yunifolomu: Zambia Army, Zambia Air Force, Zambia National Service, apolisi ndi a ndende. Kumeneko munthu amalembedwa monga msilikali kapena wapolisi, amadutsa maphunziro a ntchitoyo monga wina aliyense, ndipo amafunika NRC (chitupa cha unzika), thupi lathanzi ndi zotsatira za sukulu zotchulidwa m'chilengezo cha chaka chimenecho. Tsatirani zilengezo za boma zokha, ndipo aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akulowetseni mumukane.

Njira zonse ziwirizi zimadutsa pa satifiketi ya sekondale, ndipo apa ndi pamene maukwati ndi maliro amasokoneza anyamata aluso. Wa zaka 15 amene akuliza bwino amayamba kuitanidwa Loweruka lililonse, nthawi zina ngakhale pakati pa sabata kukaperekeza maliro ku Chingwere kapena ku Leopards Hill. Ndalama ya m'manja imakoma, ndipo kunyumba imathandizadi. Koma nyimbo zake zimakhala zomwezomwezo, zolizidwa mokweza ndi pamtima, ndiye luso limaima pomwepo pamene sukulu ikutsalira. Makolo ndi bandmaster agwirizane poyera: masiku a sukulu ayi, nyengo ya mayeso ayi, ndipo gawo la ndalamazo lipite ku mafuta a mavalavu, buku la maphunziro ndi chindapusa cha mayeso a theory.

Kulikonse kumene wachinyamata angakayesedwe, zofunsidwa zimafanana. Akonzekere nyimbo ziwiri zosiyana, ina yodekha yoonetsa kukoma kwa mawu, ina yothamanga yoonetsa lilime ndi zala, zonse zimene angathe kuliza bwino ngakhale ali ndi mantha. Nyimbo yovuta yolizidwa mopunthwapunthwa imagwetsa kuposa yosavuta yolizidwa mwaukhondo. Adziwe masikelo a major pamtima, angapo a minor, ndi chromatic kuyambira pansi mpaka pamene amafika bwino. Adzapatsidwa pepala lachilendo ndi kamphindi koliyang'ana: ayambe waona kiyi, chiwerengero cha nthawi ndi malo ovuta, asankhe liwiro lotsika, ndipo akalakwitsa asabwerere m'mbuyo. Milungu iwiri isanafike, aziliza zonsezi pamaso pa anthu, kaya ndi a m'banja kaya anzake a m'bandi, ataimirira. Chida achisambitse kutatsala masiku angapo, kuti ngati valavu yavuta pobwezera apeze nthawi yokonza. Dzulo lake asalize kwambiri, ndipo tsikulo anyamule mafuta a mavalavu, pensulo, madzi akumwa ndi mapepala awiri a nyimbo iliyonse, lina lopatsa woyesa.